Telesikopu ya kugombe la Namiasi: K3,000 yanu ikugulirani chiyani?

Pa msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, mukangodutsa pa Namiasi, pali kanjira kafumbi kotsikira kunyanja. Kumapeto kwake kuli kalesitilanti ka chambo, ndipo kuseri kwa kalesitilantiko mnyamata wina amaimika telesikopu pamchenga Lachisanu ndi Loweruka madzulo. Wamkulu amalipira K3,000, mwana K1,000. Pa ndalama imeneyo mumaonera mwezi, nyenyezi zina ngati kumwamba kwayera, kenako mumakhala pansi n'kumvera nkhani ya maulendo a anthu opita kumwezi. Ineyo ndinagwira ntchito ya usungichuma pa sukulu ya sekondale mpaka kupuma, ndiye chizolowezi chofunsa kuti ndalama yatuluka yabweretsa chiyani sichinandichoke. Yankho langa pa malo awa ndi loti pitani, koma musankhe tsiku, ndipo musathawe nkhani ikayamba, chifukwa phindu lenileni lili pamenepo.

Mnyamatayo anthu amangomutchula kuti aphunzitsi, popeza masana amaphunzitsa sayansi. Chipangizo chake ndi chimpope chachitsulo chachitali kufika m'chifuwa, chokhazikika pa bokosi lamatabwa lomwe limazungulira. Galasi lake lili pansi m'kati mwa mpopemo, masentimita 20 m'lifupi, ndipo diso mumaika m'mbali chakumtunda. Palibe batire, palibe magetsi. Amachikankha ndi dzanja.

Chinthu choyamba chimene muyenera kudziwa n'chakuti mwezi wathunthu ndi wonyenga. Anthu ambiri amathamangira tsiku limene mwezi wakhwima, ukutuluka pamwamba pa mapiri a kutsidya kwa Malindi, ndipo kuuona ndi maso paokha n'kosangalatsadi. Koma mu telesikopu umangothobwa m'maso, woyera mbuu, wopanda mithunzi. Tsiku labwino ndi pamene mwezi uli theka, patangotha sabata chionekereni. Pamenepo dzuwa limauwomba cham'mbali, ndipo m'malire a kuwala ndi mdima mumaona maenje akuluakulu, makoma ake ndi mapiri otulutsa mithunzi yaitali. Mayi akunyumba, amene anabwera monyinyirika poganiza kuti ndi zibwana, anakakamira pagalasipo mpaka mzere unayamba kung'ung'udza. Mwezi sukhazikika m'galasimo. Umatsetsereka pang'onopang'ono n'kutuluka chifukwa dziko likuzungulira, ndiye aphunzitsi amayenera kukankhanso mpopewo pakadutsa anthu awiri kapena atatu. Anatilozeranso pulaneti ya Saturn ndi mkombero wake. Ndi kakang'ono kwambiri, koma mkomberowo ukuoneka bwinobwino, ndipo mdzukulu wanga wamkulu anazungulira kutsogolo kwa mpope kukafufuza ngati sanamatepo chithunzi.

Mbendera ya America imene anaizika pamwezi simuiona. Ndanena msanga chifukwa ana onse amabwera ndi chiyembekezo chimenecho. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo ngakhale matelesikopu akuluakulu a padziko pano sangaone kanthu kakang'ono choncho. Aphunzitsi amangokuonetsani chigwa chakuda chotchedwa Mare Tranquillitatis, kumene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera pa 20 July 1969, kenako amatulutsa foni n'kuonetsa zithunzi zimene chombo cha Lunar Reconnaissance Orbiter chinajambula chikuzungulira mwezi, zoonetsa zotsalira za zombo za Apollo, pulogalamu ya America yopititsa anthu kumwezi, ndi tinjira timene anthuwo anaponda. Ndinamukonda chifukwa sanamize mwana aliyense.

Tsopano zovuta. Telesikopu ndi imodzi, ndipo anthu akapitirira 20 mumadikira nthawi yaitali kuti muone mphindi imodzi. Mabenchi ndi ochepa, akuluakulu amakhala, enafe pamchenga. Udzudzu wa kugombe mukuudziwa, valani zazitali manja. M'miyezi ya mwera mphepo imagwedeza mpope ndipo mchenga umalowa m'maso, pamene mu September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba nyenyezi zing'onozing'ono. Masiku amdima, omwe akanakhala abwino poonera nyenyezi zosaoneka bwino, ndi omwenso asodzi a usipa amayatsa nyali zawo panyanja, ndiye m'munsi mwa thambo kumangoti ngwee. Tiyi wa palesitilanti anafika atazizira, koma chambo chowotcha chinali chabwino, chosapsereza. Pobwerera akabaza amakweza mtengo podziwa kuti mulibe kolowera, choncho panganani ndi wanjinga wanu musanatsike.

Mzere ukatha, aphunzitsi amaphimba mpope ndi chitenje n'kukhala pa kreti ya zakumwa. Amalankhula Chichewa, koma achikulire akafunsa m'Chiyao amayankha m'Chiyao. Tsiku lina amene anatsegula nkhani anali bambo wina mwini maboti, yemwe anabwera chifukwa mwezi unali utawala kwambiri moti alovi ake sanalowe m'madzi.

"Aphunzitsi, ngati anafikadi mu 1969, bwanji sanapitirize? Munthu ukapeza malo a nsomba umabwererako. Apa pali bodza."

"Ayi bambo, anabwererako," anatero mnyamatayo. "Anatera kasanu ndi kamodzi, anthu 12 anapondako, womaliza kuchokako anali Gene Cernan mu December 1972. Chinawaletsa kupitiriza si nzeru. Ndi amene amagwira thumba."

Apa ndinakhala tsonga, chifukwa nkhani ya thumba ndi yanga. Ndipo ndiyenera kunena kuti manambala ake ali nawo m'mutu mwadongosolo. Anayambira pa mpikisano. Soviet Union inaponya Sputnik, satelayiti yoyamba, mu 1957, kenako Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita mumlengalenga, anazungulira dziko pa 12 April 1961. America inachita manyazi. Patangotha milungu isanu ndi umodzi, pa 25 May 1961, pulezidenti John F. Kennedy anaima pamaso pa Congress, nyumba yawo ya malamulo, n'kupempha ndalama zoti munthu akafike kumwezi zaka za m'ma 1960 zisanathe. Aphungu anavomera. Pofika 1966, pa madola 100 aliwonse amene boma la America linkagwiritsa ntchito, oposa anayi ankapita ku NASA, bungwe lawo la zamlengalenga. Anthu pafupifupi 400,000 anagwira ntchito ya Apollo, ndipo pulogalamu yonse inadya madola pafupifupi 25 biliyoni a nthawi imeneyo. Aphunzitsi anawonjezera kanthu komwe sindinkakadziwa: pa msonkhano wina wa mu November 1962, womwe unajambulidwa pa tepi, Kennedy anauza mkulu wa NASA, James Webb, kuti iye za mlengalenga sizimukhudza kwenikweni, chimene akufuna ndi kupambana a Soviet. Ndiye kuti ndalama ija sinali ya sayansi. Inali ya nkhondo yopanda mfuti.

Mpikisano utatha, chifukwa chotulutsira ndalama chinathanso. Nkhondo ya ku Vietnam inkameza chuma, m'mizinda ya America munali zipolowe ndi umphawi, ndipo boma la Richard Nixon linapitiriza kudula ndalama za NASA. Mu 1970 maulendo atatu omwe anali atakonzedwa kale, Apollo 18, 19 ndi 20, anafufutidwa. Maroketi a Saturn V anali atapangidwa kale. Imodzi anaigwiritsa ntchito kuponya Skylab, malo okhala anthu mumlengalenga, mu 1973, zotsalazo lero zagona chammbali m'malo oonetserako zakale, anthu akulipira kuti azijambulitse nazo. Aliyense wa kuno ku Mangochi amadziwa nyumba zija za anyamata a ku Joni, zofika pa mawindo, njerwa zabwino, pulani yabwino, koma randi inasiya kubwera ndipo m'chipinda chochezera mwamera udzu. Apollo inathera pamenepo.

Kuchoka apo mnyamatayo amathamanga, ndipo akuchita bwino, chifukwa nkhani imangobwerezabwereza. George Bush wamkulu analengeza mu 1989 kuti abwerera kumwezi n'kupitirira ku Mars, mtengo utawerengedwa unafika madola mabiliyoni mazanamazana, Congress inangotseka buku. George W. Bush analengezanso mu 2004, pulogalamu ya Constellation inayamba, Barack Obama anaiimitsa mu 2010 itachedwa ndiponso ndalama zitaperewera. Space Shuttle, ndege ya mumlengalenga yogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, yomwe inalonjezedwa kuti idzatsitsa mtengo, inauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011 osatsika mtengo, ndipo inapha anthu 14 pa ngozi ziwiri, ya Challenger mu 1986 ndi ya Columbia mu 2003. Itapuma, dziko lomwe linapambana mpikisano lija linakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi likugula mipando m'chombo cha Soyuz cha ku Russia, mpando umodzi mpaka kupitirira madola 80 miliyoni. Bambo wa maboti uja anaseka mpaka kutsokomola. "Mwini basi kukwera matola!"

Lero NASA imalandira madola pafupifupi 25 biliyoni pa chaka. Kwa ife ndi ndalama yoopsa, yoposa chuma chonse chimene Malawi amapanga pa chaka chathunthu. Koma kwa eni ake sikwana ngakhale theka la dola pa madola 100 aliwonse a bajeti, pamene asilikali awo amalandira madola oposa 800 biliyoni. Ndipo ngakhale kachigawo kameneko sikokhazikika: mu May 2025 boma la Donald Trump linapempha kuti bajeti ya NASA idulidwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chaka chilichonse ayenera kubwerera kwa aphungu kukapemphanso, pamene roketi imatenga zaka khumi kapena kuposa kuti ipangidwe. Munthu amene anayendetsapo ntchito yomanga ya zaka zingapo ndi ndalama zovomerezedwa chaka ndi chaka akudziwa mutu wake. Ukayamba ndi komiti ina, umamaliza ndi ina, ndipo yatsopanoyo imafuna kuyamba zake.

Gawo lomwe linandikoma kwambiri, ngakhale ana anali atayamba kusinza, ndi la makontrakiti. Pali njira ziwiri zolipirira kontrakitala. Ina mumati gwira ntchito, zonse udzawononge tidzabweza n'kuwonjezerapo phindu lako. Ina mumati mtengo ndi uwu, ukapitirira ndi zako. Roketi yaikulu ya SLS, imene inaponya Artemis I, ulendo woyamba wa pulogalamu ya Artemis yobwerera kumwezi, pa 16 November 2022 popanda munthu m'kati, inapangidwa mwa njira yoyambayo. Inachedwa zaka zambiri, ndipo woyang'anira kayendetsedwe ka chuma ku NASA komweko, Paul Martin, anauza aphungu mu 2022 kuti ulendo umodzi wa roketiyo pamodzi ndi chombo cha Orion udzadya madola 4.1 biliyoni, mtengo womwe iye anati sungapiririke. Koma siifa, chifukwa zipangizo zake zimapangidwa m'zigawo zambiri za America, ndipo phungu aliyense amateteza ntchito za anthu a kwawo. Njira yachiwiri anaiyesa mu 2014, pamene anapatsa Boeing madola 4.2 biliyoni ndi SpaceX madola 2.6 biliyoni kuti apange zombo zonyamula anthu kupita ku International Space Station, malo okhala anthu mumlengalenga a mayiko angapo. Amene analandira zochepa ndi amene anayamba kunyamula anthu, mu May 2020. Ndinaombera m'manja ndekha. Zaka zonse zija ndinkalimbana ndi amisiri ofuna kuti tizingowonjezera matumba a simenti ntchito ili m'kati, sindinkadziwa kuti matendawa amafika mpaka ku Washington.

Funso lolemera linachokera kwa mayi wina wogulitsa usipa wouma, yemwe anabwera ndi ana ake awiri. Anafunsa mwaulemu koma mosabisa.

"Achimwene, ife kuno kolera inatitha mu 2022 ndi 2023, madzi ali pakhomo pomwepa koma akumwa palibe. Anthu amenewa alibe chisoni? Miyala ya kumwezi idyedwa?"

Aphunzitsi sanamunyoze, ndipo anamuuza kuti si woyamba kufunsa. Kutatsala tsiku limodzi kuti Apollo 11 inyamuke, m'busa Ralph Abernathy anafika pa chipata cha malo oponyera roketi ku Florida ndi mabanja osauka ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu, kudzafunsa funso lomwelo. Mkulu wa NASA pa nthawiyo, Thomas Paine, anatuluka kukakumana nawo, ndipo anawauza kuti kukanakhala kuti kusaponya roketiyo kuthetsa mavuto awo, sakanaiponya. Mu 1970 sisitere wina wogwira ntchito ku Zambia, Mary Jucunda, analembera wasayansi wa ku NASA, Ernst Stuhlinger, kufunsa chifukwa chothira mabiliyoni pa ulendo wa ku Mars ana akufa ndi njala. Stuhlinger anayankha ndi kalata yaitali, ndipo anaikamo chithunzi cha dziko lapansi chojambulidwa kuchokera kumwezi.

Mpaka apa zinali bwino. Koma kenako mnyamatayo anachita chimene okonda zamlengalenga onse amachita, ndipo apa ndi pomwe ndimasiyana naye. Anati taonani namondwe wa Freddy mu March 2023, a zanyengo anamuona akubwera kudzera pa masatelayiti. Taonani foni zanu zikukulozerani njira, taonani intaneti ya Starlink yomwe inafika m'dziko muno mu 2023. Zonsezo n'zoona. Koma satelayiti ya zanyengo ilibe munthu m'kati. Siifuna mpweya, chakudya, chimbudzi kapena njira yobwererera kwawo ili moyo. Chimene chimakweza mtengo wa ulendo ndi munthuyo. India inatsitsa chombo cha Chandrayaan-3 pa mwezi pa 23 August 2023 ndi madola pafupifupi 75 miliyoni, kachigawo kakang'ono kwambiri ka mtengo wa ulendo umodzi wa SLS. Ndiye sungatenge phindu la satelayiti n'kulipira nalo ngongole ya ulendo wa munthu. M'buku la ndalama zimenezo ndi mizere iwiri yosiyana. Ndinamuuza choncho, anthu onse akumva.

"Agogo, mwanena zoona," anatero, "koma Harrison Schmitt, katswiri wa miyala amene anapita ndi Apollo 17, anasankha ndi maso ake zoti atole. Anthu aja anabweretsa makilogalamu 382 a miyala ndi dothi, ndipo mpaka lero akuzifufuzabe. Makina a Soviet Union anabweretsa zosakwana theka la kilogalamu."

Yankho limenelo ndi labwino kuposa la masatelayiti, ndipo bwenzi akuyamba nalo. Komabe silinandikhutitse kwathunthu. Maganizo anga ndi oti maboma salipira maulendo a anthu chifukwa cha miyala. Amalipira pakakhala wina woti amupose. China inatumiza munthu wake woyamba mumlengalenga, Yang Liwei, mu 2003, ili ndi malo ake okhala anthu mumlengalenga otchedwa Tiangong, ndipo yanena kuti ikufuna kutsitsa anthu pa mwezi pofika 2030. Mukamva aphungu a ku America akuteteza Artemis, mvetserani kuti dzina la China likutuluka kangati. Ndipo kwa mayi wa usipa uja, choona chowawa n'chakuti ndalama zimene zinapulumutsidwa pofufuta Apollo 18 sizinakumbe mjigo kwina kulikonse kuno. Bajeti ikadulidwa apa, ndalama sizithamangira kwa wosauka zokha, zimapita kwa amene ali ndi mawu m'chipinda chogawira. Izi aphunzitsi sanazinene momveka, koma zonse zimene anafotokoza zinaloza komweko.

Pali kanthu kena kamene ndinaona kuti amachita mwanzeru. Kuno mwezi si nkhani ya m'mabuku. Asilamu amauyang'ana kuti adziwe poyambira Ramadan ndi tsiku la Eid, asodzi amawerengera ntchito yawo pa iwo. Shehe wina wachikulire atafunsa ngati chipangizochi chingathandize kuona mwezi watsopano, mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti chingathandize kuupeza kumadzulo dzuwa likangolowa, koma kulengeza ndi udindo wa akuluakulu a chipembedzo, osati wake. Anachenjezanso kuti telesikopu siilozedwa kumene kuli dzuwa ngakhale pang'ono, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo. Ana akamasewera pafupi nayo dzuwa lisanalowe amaitseka ndi chivundikiro.

Chimene ndingamupemphe kuti akonze ndi dongosolo la nkhani. Imatalika, ndipo manambala onenedwa pakamwa mumdima amauluka. Bolodi laling'ono ndi choko, kapena pepala limodzi loti munthu atenge, zingathandize makamaka ana a fomu 3 ndi 4 omwe amabwera ambiri. Akanagawanso madzulowo pawiri, ana aang'ono aonere n'kumapita, otsala akhale pa nkhani ya ndalama. Nkhani ya Edward Mukuka Nkoloso wa ku Zambia, amene mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata kugubuduzika m'migolo pokonzekera ulendo wa kumwezi n'kupempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, amainena mongoseketsa anthu. Ine ndikuona kuti ikanakhala bwino pambali pa ya Kennedy: onse awiri anapempha ndalama za ulendo womwe unali usanayesedwepo, mmodzi yekha ndiye anali ndi nyumba ya malamulo yomuyankha.

Ngati muli ndi mwayi, International Space Station imadutsa madzulo ena. Imaoneka ngati nyenyezi yowala yoyenda mosaphethira, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo yakhala ndi anthu m'kati mosalekeza kuyambira November 2000. Imeneyo simulipira, maso okha akwana, ndipo aphunzitsi amadziwiratu nthawi yake kudzera pa foni. Nayonso akukonza zoigwetsera m'nyanja chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2030, mwa zina chifukwa yakalamba ndipo kuisamalira kumadya madola pafupifupi 3 biliyoni pa chaka omwe akufunika ku ulendo wa kumwezi.

Fikani dzuwa lisanalowe kuti mukhale kutsogolo kwa mzere ndiponso muitanitse chambo makala asanazirale. Tengani ndalama m'manja, yosinthasintha, chifukwa netiweki kugombeko imavuta ndipo chenji sakhala nacho. Kukachita mitambo sabweza ndalama, koma amalemba dzina lanu m'kabuku n'kukulolani kudzaonera ulere sabata yotsatira. Kuyambira December mpaka March muyambe mwayang'ana kumwamba musanakwere njinga.